Dzina la agogo silikutuluka pa intaneti: ndiyambire pati kulondola makolo athu?

Funsoli lachokera kwa mayi wina, mphunzitsi, amene akukhala pa boma la Mangochi koma kwawo ndi ku Namwera. Akuti: "Ana a achimwene anga anabadwira ku Joni, ndipo amandifunsa pa WhatsApp kuti kwathu kwenikweni n'kuti, makolo athu anali ndani. Ndinalowa pa tsamba lina lofufuzira makolo, ndinalemba dzina la agogo aamuna amene anapita ku migodi osabwerako, koma palibe chinatuluka. Anganga alipo kumudzi, akalamba ndithu. Ndikulakwitsa pati? Ndilipire pa masamba amenewa, kapena ndiyezetse DNA?"

Achemwali, simukulakwitsa paliponse, ndipo ndalama zanuzo zisungeni kaye. Masamba amenewa sadziwa munthu paokha. Amangofufuza m'mapepala amene wina analemba kalekale, wina n'kudzawajambula, wina n'kutaipa mayinawo mu kompyuta. Ku England boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira mu 1837, n'chifukwa chake mzungu akangolemba dzina la agogo a agogo ake, mapepala amangoti mbwee. Kuno lamulo la 1904 lolembetsa obadwa ndi omwalira linkakakamiza azungu ndi amwenye, osati ife eni dziko. Lamulo loti mwana aliyense alembedwe ndi la 2010, linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo ziphaso za unzika tinajambulitsa mu 2017. Ndiye munthu wobadwira ku Namwera zaka za m'ma 1930 sanalowe m'kaundula wa obadwa aliyense. Kompyuta singatulutse chimene sichinalembedwe.

Koma m'funso lanu lomweli mwatchula chinthu chimene anzathu akunja angalipire ndalama zambiri kuti akhale nacho: anganga alipo. Kaundula wa banja lanu ali pamkeka ku Namwera. Intaneti ndi nkhokwe yosungiramo, munda wake ndi kumudzi, ndipo ntchito imayambira kumundako.

Ndikunena izi ndi mtima wowawa. Azakhali anga ndiwo okha ankadziwa dzina la mudzi wa kutsidya kwa malire kumene agogo athu anachokera. Ndinkangoti ndipita mvula ikatha, ndipita ndikalandira malipiro. Dzinja linadutsa kawiri, ndipo ulendo umene ndinapita unali wa maliro awo. Mpaka lero pa mndandanda wanga pali mpata umene palibe angautseke. Choncho musadikire tchuthi chachikulu.

Mukamapita, musanyamule fomu ngati a kalembera. Tengani shuga, sopo, kachitenje, mukakhale pakhonde monga mdzukulu wobwera kudzacheza. Pemphani chilolezo choti mujambule mawu pa foni, muwauze kuti n'zoti adzukulu a ku Joni adzamve. Kujambula mawu sikufuna bandulo kapena netiweki, kumangofuna batire yodzaza. Ngati anganga amamasuka m'Chiyao, asiyeni alankhule Chiyao, ndipo ngati inu chimakuvutani tengani msuweni wochimva bwino. Mayina a anthu ndi a malo amatuluka bwino m'chinenero chimene munthu anayamwira. Musawadule akapatukira nkhani ya ukwati wa uje kapena mlandu wa mbuzi, chifukwa m'nkhani zoterozo ndimo mumagwa mayina amene simukanadziwa kuwafunsa.

Kafunsidwe nako n'kofunika. Ife timati "amayi" kwa achemwali onse a mayi athu, timati "achimwene" ngakhale kwa mwana wa amayi aang'ono. Pachibale zili bwino, koma polemba zimasokoneza. Nthawi zonse funsani kuti, "Amenewa munabadwa bere limodzi?" Kenako tsatani mndandanda wa mimba: woyamba kubadwa ndani, wopondana naye ndani, mpaka chitsirizira. Funsaninso za amene anamwalira ali makanda, mofatsa, chifukwa amayi sawaiwala ngakhale sawatchulatchula. Mukamaliza ndi anganga, kachezeni ndi amalume paokha, tsiku lina. Mukawaika pamodzi, wina amangovomera za mnzake chifukwa cha ulemu, ndipo inu mumataya mwayi womva pamene akusiyana. Ulendo umodzi sukwana. Mukabwerera kachiwiri mudzapeza anganga akumbukira mayina ena usiku, akukudikirani.

Musafunse chaka chobadwa, mungowavutitsa. Funsani kuti pa njala ya 1949 anali msinkhu wanji, anali atavinidwa kapena ayi, mwana woyamba anali kumsana kapena akuyenda. Kuno kwathu tili ndi zikhomo zambiri zopachikapo zaka. Nkhondo ya Chiwaya inali kuyambira 1914 mpaka 1918, ndipo chimfine chachikulu chinatsatira pomwepo. Sitima ya Vipya inamira mu 1946, chikumbutso chake chili pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma pomwepo pamene mumadutsa tsiku lililonse. Pali chipwirikiti cha 1959, ufulu wa 1964, ndi February 1965 pamene a Chipembere ndi anthu awo analowa mu Fort Johnston, amene lero ndi Mangochi, asilikali n'kudzasakasaka m'midzi. Pali kubwera kwa othawa nkhondo a ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndi riferendamu ya 1993. Munthu akati "ndinali ndi pakati pa uje pamene asilikali ankasaka a Chipembere," mwapeza chaka cha ujeyo. Kumene kulibe chikhomo, werengerani zaka 25 mpaka 30 pa m'bado uliwonse, ndipo lembani kuti "cha m'ma 1935". Mapulogalamu ambiri osungiramo mndandanda wa makolo amalola chaka chongoyerekeza. Musapeke tsiku ndi mwezi kuti bokosi lidzaze.

Tsopano nkhani ya mayina, imene ndikuganiza kuti ndiyo yakulepheretsani kwambiri. Munalemba dzina limodzi, koma agogo anuwo mwina anali nawo anayi kapena asanu. Pali dzina la paubwana, pali limene anatuluka nalo ku jando, pali la Chisilamu kapena la ubatizo, pali limene analembetsa kwa kalaliki popita ku ntchito, ndipo pali limene anzawo a pa komponi ankawaitanira. Amayi nawonso anali ndi la ku nsondo, koma mudzi wonse unkangowadziwa kuti Abiti uje, kutanthauza mwana wamkazi wa uje. Abiti ameneyu ndi mphatso kwa wofufuza, chifukwa amakupatsani dzina la bambo pompo. Che ndi ulemu chabe, musamulembe ngati mbali ya dzina pofufuza.

Chinanso, m'mabanja ambiri a kuno dzina lachiwiri si la mtundu wonse monga amachitira azungu. Ndi dzina loyamba la bambo. Mwana wa Saidi amakhala Yusufu Saidi, mwana wa Yusufuyo amakhala Ali Yusufu, ndipo pofika m'bado wachitatu Saidi wasowa. Tsamba la pa intaneti limayembekeza kuti dzina lachiwiri liziyenda osasintha, ndiye limasochera. Onjezanipo kalembedwe. Kalaliki wina analemba Saidi, wina Sayidi, Mpwitikizi analemba Saide. Yusufu amasanduka Usufu, l ndi r zimasinthana mmene zafunira. Yesani kalembedwe kalikonse kamene khutu lingamve.

Ndipo chenjerani ndi kulowa dzina. Ine ndinalembapo munthu mmodzi amene, nditawerengetsa, anakhala ndi moyo zaka zoposa 130. Anali anthu awiri, malume ndi mphwake amene analowa dzina lake atamwalira. Anthu akamati Mponda, Makanjira kapena Jalasi, sakunena munthu mmodzi koma mpando umene akhalapo ambiri, ndipo zomwezo zimachitika ndi mayina a eni mbumba m'midzi ing'onoing'ono. Anganga akati "Che uje ndiye anatibweretsa kuno," funsani kuti Che uje wake uti, wa amayi ake ndani.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi mmene masamba aja anakonzedwera. Iwo amakuikani inu pansi, n'kukwera kwa bambo ndi mayi, ndipo maso amathamangira ku dzina la bambo. Kwa Ayao ndi Anyanja a kuno mudzi, munda ndi ufumu zimayendera kwa mayi. Mwamuna ankabwera kudzakhala chikamwini, ukwati ukatha n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala. Amalume, amene ali mwini mbumba ndi nkhoswe, pa chithunzi cha tsambalo amangooneka ngati kanthambi ka pambali. Choncho yambani ndi mayi wamkulu kwambiri amene anganga akumukumbukira, mutu wa bere lanu, mutsike naye: ana ake, ana a ana ake aakazi, mpaka kufika pa inu. Mapulogalamu ambiri amatha kuonetsa mbadwa za munthu mmodzi kutsika pansi, ndipo maonekedwe amenewo ndiwo amafanana ndi mbumba. Mayi aliyense mulembeni ndi dzina lakelake, osati la mwamuna wake. Pa munthu aliyense onjezani mudzi, nyakwawa, mfumu yaikulu ndi mfunda, ndipo funsani ngati mfundawo unachokera kwa mayi kapena kwa bambo, chifukwa mabanja amasiyana. Mbali ya bambo musaitaye, koma mudzaona nokha kuti imatha msanga pamene ya mayi ikupitirira.

Mwina mzere wanu udzadutsa malire. Ayao ambiri a kuno anachokera kumpoto kwa Mozambique cha pakati pa zaka za m'ma 1800, ndipo kwa anthu a ku Namwera, Mandimba ndi pakhomo pomwepa, kungodutsa pa Chiponde. Lembani dzina la phiri, mtsinje kapena mfumu imene anganga atchule, ngakhale simukuipeza pa mapu.

Mapepala alipo, kungoti sali pa intaneti. Yambani ndi sutikesi ya pansi pa bedi: chiphaso cha msonkho, khadi ya chipani, setifiketi ya sukulu, kalata zochokera ku Joni, zithunzi za ku situdiyo. Jambulani kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa kumbuyo kwa chithunzi ndi pa envulopu ndi pamene pamakhala chidindo, adiresi ndi chaka. Ngati mbali ina ya banja inali ya Chikhristu, mabuku a ubatizo ndi maukwati a ku mishoni za Anglican monga Malindi, Mpondasi ndi Nkope, kapena a m'maparishi a Katolika ndi m'mipingo ya CCAP, kawirikawiri amatchula makolo a munthu ndi mudzi wake. Pitani ndi ulemu, mupemphe kwa abusa kapena ansembe, ndipo mudziwiretu dzina la ubatizo ndi zaka zoyerekeza. Kwa Asilamu mabuku otere ndi ochepa, koma mashehe achikulire amakumbukira amene anamangitsa ukwati ndi amene anaphunzira kwa yani, ndipo pa sadaka pamasonkhana abale amene simungawapeze pamodzi tsiku lina lililonse. Kumanda musapite nokha ndi foni, yambani mwapempha kwa amfumu.

Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, imene inayamba mu 1947. Mapepala ambiri a boma akale kwambiri anapsa ndi moto umene unagwira maofesi aakulu a boma ku Zomba mu 1919, komabe zotsala n'zambiri, kuphatikizapo mabuku amene ma DC ankalembamo mbiri ya mafumu ndi midzi. Kumeneko mukafufuze ndi mayina akale. Boma lathu la Mangochi linkatchedwa South Nyasa, kenako Fort Johnston. Musayembekeze kupeza dzina la agogo anu enieni. Chimene mungapeze ndi mbiri ya mudzi ndi ufumu wanu, ndipo imeneyo imathandiza kuyesa zimene mwamva pakhonde.

Za agogo amene anachona, funso loyamba kwa anganga ndi lakuti anapita bwanji. Ngati anapita pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito, ndiye kuti ndi migodi ya ku South Africa. Ngati anapita pa Mthandizi, yang'anani ku Zimbabwe. Ngati anapita pa selefu, akhoza kukhala kulikonse, ndipo kalata yomaliza ndiyo ingakulondoleni. Chaka chilinso ndi chikhomo chake: mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 obwerera kumudzi, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi. Funsani ngati agogo anapita ndegeyo isanagwe kapena itagwa kale. Wenela ndi imene inadzakhala TEBA, ndipo TEBA ikadalipo ku South Africa, imasunga kaundula wa anthu amene anagwira m'migodi. Chowatsegulira ndi nambala ya munthuyo, dzina limene analembetsa ndi dzina la mgodi. Achimwene anu ali konko, ntchito imeneyi apatseni iwo.

Apa ndi pamene intaneti imayamba kuthandizadi. Pa FamilySearch, tsamba lofufuzira makolo, pali zikalata zambiri za imfa za ku South Africa ndi Zimbabwe zimene mungazione kwaulere. Fufuzani ndi mayina onse aja, ndipo pa malo obadwira yesani Nyasaland, Fort Johnston, ngakhale Blantyre, chifukwa akalaliki a kumeneko ankangotchula dzina limene ankalidziwa. Ngati m'banja muli amene anafera ku nkhondo ali msilikali wa King's African Rifles, tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a ofera ku nkhondo, nalo ndi laulere, ngakhale bungweli linavomera mu 2021 kuti anthu akuda ambiri, makamaka amtengatenga, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Magulu a pa Facebook a Amalawi a ku Zimbabwe ndi ku Joni nawo alumikizapo mabanja. Ikani chithunzi, dzina ndi dera, koma sungani mfundo imodzi kapena ziwiri zimene wachibale weniweni yekha angadziwe. Wina akatulukira n'kuyamba ndi kupempha ndalama ya thiransipoti, mufunseni kaye dzina la amayi a agogowo.

Posankha posungira, nazi zimene muyenera kudziwa. FamilySearch ndi yaulere ndipo ili ndi pulogalamu ya pa foni yolola kusunga zithunzi ndi mawu. Koma mndandanda wake ndi umodzi wa dziko lonse: anthu amoyo amabisika, pamene za omwalira aliyense wolembetsa akhoza kuziona ndi kuzisintha. Eni ake ndi mpingo wa Church of Jesus Christ of Latter-day Saints, umene mamembala ake amachita ubatizo m'malo mwa makolo awo omwalira. Banja la Chisilamu, ngakhale la mpingo wina, liyenera kudziwa zimenezi n'kukambirana lisanaike mayina. Kufufuza m'zikalata zawo sikukukakamizani kuikamo banja lanu. Ancestry ndi MyHeritage amalola kumanga mndandanda wanuwanu, koma zikalata zambiri n'zolipira m'ndalama zakunja, ndipo za kuno n'zochepa kwambiri moti sindikuona chifukwa choti mphunzitsi atayirepo malipiro ake. Akakuuzani kuti yesani kwaulere koma akufuna nambala ya khadi ya kubanki, dziwani kuti masikuwo akatha amayamba kudula okha. Ngati muli ndi laputopu, Gramps ndi pulogalamu yaulere yogwira popanda intaneti. Chilichonse chimene mwasankha, onetsetsani kuti chimatulutsa fayilo ya GEDCOM, imene imakulolani kusamutsa ntchito yanu yonse kupita pena.

Ine ndimayamba ndi kope lachikuto cholimba, tsamba limodzi munthu mmodzi, ndipo pansi pa mfundo iliyonse ndimalemba amene wandiuza ndi tsiku lake. Anganga akanena china, amalume china, lembani zonse ziwiri, musasankhe msanga. Mawu amene mwajambula atumizeni kwa abale awiri tsiku lomwelo ndi kuwasunga pa Google Drive, chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi. Tsamba likakuuzani kuti lapeza m'bale wanu chifukwa mayina afanana, musavomere msanga. A Ali Yusufu alipo kuyambira ku Makanjira mpaka ku Mombasa.

Pali zina zimene mudzamve zosayenera kukwera pa intaneti. Dera lathu linali pa njira ya malonda a akapolo opita ku Kilwa mpaka zaka za m'ma 1890, ndipo m'midzi yambiri munali anthu ogwidwa kapena ogulidwa amene anakwatiwa n'kubereka momwemo. Mukafika pa mayi wina anganga n'kungoti "ameneyo anangobwera," kenako zii, musakakamize. Mwina adzakuuzani ulendo wachitatu, muli awiri. Palibe chochititsa manyazi mwa mayi ameneyo, ndipo ayenera kulembedwa ndi ulemu wofanana ndi wa mfumu, koma nkhaniyo ndi ya banja, si ya gulu la WhatsApp. Chimodzimodzi za mwana amene bambo ake enieni si amene anamulera. Kumbukiraninso kuti mndandanda wa makolo umakhudza ufumu ndi minda. Pepala lanu likhoza kudzatulutsidwa pabwalo la milandu ndi munthu amene simunamuganizire. N'chifukwa chake muyenera kuwauza amalume ntchitoyi isanayambe, ndi kulemba pamwamba kuti izi ndi zimene anthu akuti akuti anakumbukira. Masiku obadwa, manambala a ziphaso ndi zithunzi za ana amoyo musaziike poyera.

DNA ibwere pomalizira, ngati ibwere n'komwe. Idzakuuzani kuti makolo anu ndi a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, zimene mukudziwa kale. Singatchule mudzi, mfunda kapena dzina. Phindu lake lenileni ndi kukulumikizani ndi wachibale amene nayenso anayezetsa ku kampani yomweyo, ndiye ngati agogo anasiya ana ku South Africa mwayi ulipo, koma ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wake. Ikhozanso kuulula za ubambo zimene banja silinakonzekere. Ndipo zotsatira zake zimakhala m'manja mwa kampani: ya 23andMe inaberedwa zinsinsi za makasitomala mu 2023. Ngati mudzayezetse, ayambe ndi wamkulu kwambiri m'banja, atamvetsa bwino n'kuvomera yekha.

Ana a ku Joni aja musawadikiritse mpaka mndandanda utatha, chifukwa sutha. Loweruka likubwerali kwerani ya ku Namwera, foni ili yodzaza. Mukatha kulonjerana ndi kudya, funsani kuti, "Anganga, amayi anu anali Abiti ndani, nanga amayi awo?" Zimene ayankhe, ndi mawu awo omwewo, atumizireni anawo madzulo ake.